Bokosi Lochokera ku Joni

Nkhani iyi sindinauzepo munthu. Anzanga a pabawo kuno ku Zingwangwa amadziwa kuti mkazi wanga saona, ndipo amadziwa kuti ndi matenda a shuga amene anatseka maso ake. A kumphakati amabwera kudzapemphera naye. Koma nkhani yonse ya bokosi tikuidziwa anthu atatu okha: ine, mkazi wangayo, ndi mwana wathu wamkazi womaliza. Munthu wa imvi ngati ine ungayambe bwanji kuuza amuna anzako kuti chimene chimakudya mumtima ndi gemu ya pakompyuta? Angaseke mpaka kumwaza njere za bawo, ndipo sindingawadzudzule.

Ndinabwera ku Blantyre kuchokera ku Nsanje ndili mnyamata, osadziwa ngakhale kulemba dzina langa. Ndinayamba ndi kusenza matumba ku Limbe, kenako ndinaphunzira kuyendetsa lole, ndipo ntchito imeneyo ndi imene ndinakalamba nayo. Chaka china, ndidakali wachilendo pachiwongolero, kalaliki wa kudepoti anandibweretsera mapepala lole ataifunditsa kale lona. Anati ndidinde chala, katundu ali bwino. Ndinadinda. Nditafika kumene ndinkapita, matumba anaperewera, ndipo dzina la wakuba linagwera ine pamaso pa anthu. Ntchito sinathe, koma manyazi ake anandisintha. Ndinakalembetsa sukulu ya kwacha, bambo wa ana kale, kukhala pamkeka pakati pa azimayi n'kumaimba a, e, i, o, u. Ndinadziikiranso lamulo: katundu amene sindinamuone ndi maso anga, amene sindinamugwire ndi manja, sindimulandira. Lamulo limeneli linandisunga zaka zonse za pamsewu. Ndinkalikhulupirira kuposa mabuleki.

Mkazi wanga, amene ndiziwatchula kuti amayi monga ndimawaitanira pakhomo, ndi a kwathu komweko, m'mbali mwa Shire. Madzi anakula nawo, koma nyanja yamchere sanaionepo. Ndikabwera kuchokera ku Beira ankandifunsa zomwezomwezo. Kodi tsidya lake silioneka ndithu? Kodi sitima zake zimaposadi tchalitchi? Ndinkayankha mwachidule, nditatopa, mapazi ali m'beseni. Ndiye ankati, “Tsiku lina mudzanditenge.”

“Kampani siilola,” ndinkatero.

Linali lamulo la kampani, zoona. Koma m'lole momwemo ndinanyamulamo anthu osawerengeka pa matola: azimayi a madengu a nsomba, asilikali opita kutchuthi, mpaka mbuzi. Mkazi wanga yekha ndiye amene kampani inkamukana. Sikuti ndinali ndi wina panjira. Kungoti pamsewu ndinali mfumu, anthu ankandipatsa ulemu, ndipo sindinkafuna pambali panga pakhale munthu wodziwa kuti ndimaopa achule. Ndinkaganizanso kuti nthawi ilipo. Ana akule kaye, nyumba ithe kaye. Ana anakula, nyumba inatha, ntchito inathanso.

Nditapuma ntchito ndinakhala munthu wovuta. Ndinkakangana ndi nkhuku, ndinkawerengera amayi mchere. Mwana wathu womaliza uja, amene amagwira ntchito mu ofesi m'tauni ndipo amakhala ku Chitawira, anaona kuti tiphana. Tsiku lina anabwera ndi kompyuta yakale imene kuntchito kwawo anaisiya, pamodzi ndi bokosi lapulasitiki limene anagula kwa ogulitsa zinthu zakale mumsika wa Limbe. Pachikuto panali chithunzi cha lole yofiira. Mkati munali chimbale chonyezimira ndi kabuku.

“Ababa, mukufuna msewu? Nawu,” anatero.

Ndinkayembekezera zachibwana, zowomberana. Sizinali choncho. Gemu imeneyi imakukhazika m'lole ngati mmene zimakhaliradi. Umatenga katundu pafakitale, umakoka ngolo, umayenda misewu ya kumaiko a Azungu mpaka kukatula. Mafuta amatha. Ukadutsa pa getsi lofiira amakulipiritsa. Ukayenda nthawi yaitali, dalaivala amayamba kuyasamula ndipo uyenera kuima n'kugona. Ukachedwetsa katundu, eni ake amakudula malipiro. Poyamba ndinkayendetsa ndi mabatani, zala zanga zikuluzikuluzi n'kumadina awiri nthawi imodzi. Kenako mwanayo anandipezera chiwongolero chomangirira patebulo, chokhala ndi zopondera zake pansi. Tsiku limenelo msana wanga unawongoka wokha.

Vuto linali limodzi. Anthu a kumeneko amayenda kudzanja lamanja. Ine moyo wanga wonse, kuno, ku Mozambique, ku Joni, ndinayenda kumanzere. Ndikatuluka pageti la fakitale manja ankandipititsa kumbali yanga, n'kukumana maso ndi maso ndi basi.

Amayi ankaimirira pakhomo la chipinda, manja m'chiuno. “Mwakalamba ndithu. Zaka zonsezi munkayendetsa za eni, lero mukuyendetsa zabodza, komanso mukugunda.”

“Pitani mukaone nyemba zanu.”

Anapitadi, koma anabwera nazo nyembazo m'lichero, n'kukoka mpando. Anauika kumanzere kwanga, kumene kumakhala wokwera m'malole athu. Anasankha nyemba kwa kanthawi, maso akuba pagalasi la kompyuta. Kenako lichero linatsikira pansi.

“Kodi lero kampani ikulola?” anafunsa.

Ndinangosintha giya.

Kuyambira pamenepo unakhala mwambo wathu. Masana tikatha kudya, magetsi akakhala kuti alipo, amayi ankathira tiyi m'fulasiki ngati tikupitadi kutali, n'kumanga mpango watsopano. Ankaona zinthu zimene ine sindinkaziona, chifukwa dalaivala amaona msewu basi. Ankandionetsa ng'ombe zamawangamawanga, minda yachikasu yopanda munthu wolima, nyumba zopanda mipanda. “Anthu amenewa alibe akuba?” Tikalowa mumsewu wa pansi pa phiri ankagwira m'mphepete mwa tebulo n'kupanga chizindikiro cha mtanda. Ndikathamanga ankati, “Chepetsani, a dalaivala, mwanyamula mwana wa eni.” Ndikabwerera m'mbuyo ndi ngolo n'kuimika bwinobwino pamzere, ankaomba m'manja kamodzi kokha, kuti ndisadzimve.

M'gemumo munali mapu. Tsiku lina amayi analoza m'mphepete mwake, pamene panali mtundu wobiriwira ngati thambo.

“Apa ndi chiyani?”

“Nyanja.”

“Yamchere?”

“Yamchere. Tauni iyi ndi doko, ngati Beira.”

“Tiyeni kumeneko.”

Ndikanatha kukhota tsiku lomwelo. Koma ine gemu ndinkaitenga ngati ntchito. Ndinawauza kuti dalaivala sasankha njira, amasankha ndi katundu. Tidikire katundu wopita kudoko, ndipo akhale wa malipiro abwino, chifukwa ndinkasunga ndalama zabodzazo kuti ndigule lole yangayanga, chinthu chimene m'moyo weniweni sindinachikwanitse. Amayi anangoti, “Mwayambanso,” n'kutsegula fulasiki.

Katundu wakudoko anapezeka patapita nthawi ndithu: matabwa. Unali ulendo wautali, woyenda masana angapo. Tinanyamuka, tinakwera mapiri, tinagona panjira. Tsiku lotsatira tili mkati moyenda, chikwangwani cha dzina la doko chitayamba kuoneka, magetsi anazima. Zimenezo tinazolowera. Tinakhala pomwepo n'kumamwa tiyi, ine osaganiza zozula pulagi. Atabwera magetsiwo anabwera ndi ukali. Panamveka kuti phu, ndi fungo la pulasitiki yopsa. Wokonza makompyuta wa ku Chitawira anatsegula, anapukusa mutu, nati zamkati zapsa. Chimbale chinali chitatsekeredwa momwemo. Anachitulutsa ndi kawaya, ndipo chinatuluka ndi mzere wakuya kuchokera pakati mpaka m'mphepete. Anachiyesa pamakina ake, chinakana.

Mwana wathu sanachedwe. Anabwera ndi laputopu yake yakale. Ndinaitembenuza mbali zonse kufuna polowetsa chimbale. Panalibe.

“Zamasiku ano zilibe, ababa. Koma musadandaule. Gemu yomweyo ikugulitsidwa m'sitolo ya pa intaneti, yatsopano, misewu yake yambiri kuposa ija. Ndilipira ndi khadi yanga ya kubanki, tidawuniloda, mawa mukhala muli pamsewu.”

“Ibwera pa chiyani?”

“Pa intaneti.”

“Bokosi lake litsatira?”

“Kulibe bokosi.”

“Chimbale?”

“Kulibenso. Imakhala mu akaunti yanu. Mukaifuna mumalowa ndi dzina ndi mawu achinsinsi.”

“Ndiye ndikalipira, changa n'chiti? Ndigwira chiyani?”

“Simugwira kanthu, ababa. Mungoyendetsa.”

Ndinamufunsa ngati ndingathe kubwereka mnzanga, monga ndikanachitira ndi chimbale. Anati si zophweka. Ngati ndingagulitse ndikatopa nayo. Anati ayi. Ngati ndikamwalira, pogawa katundu wanga, mdzukulu angapatsidwe m'manja. Anaseka, nati angopatsidwa mawu achinsinsiwo, ngakhale eni sitolo sakondwera nazo. Nanga sitoloyo ikadzatsekedwa? Anavomera kuti sakudziwa.

“Ndiye si kugula kumeneko. N'kudinda chala lole itafunditsidwa kale lona,” ndinatero.

Mpaka lero sindinena kuti mafunso angawo anali opusa. Chinthu chimene sungachibwereketse, sungachigulitse, sungachisiyire mwana, ndi chako pang'ono chabe. Kupusa kwanga kunali kwina: ndinkateteza katundu, n'kuiwala wokwera.

Mwanayo anayesa njira ina. “Ababa, ku Manje kuja anthu anali ndi mabokosi, masutikesi, makabati. Namondwe uja atabwera, matope anasiya chiyani? Mnzanga wa kuntchito anataya zonse, laputopu yomwe. Atapeza ina anangolowa mu akaunti, zake zonse n'kubwerera. Chimbale chanu chija chapulumuka?”

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti asatengere maliro a anthu pa nkhani ya masewera. Kunena zoona, ndinapsa mtima chifukwa mwanayo sankanama.

Kenako amayi anati, “Musiyeni mwana agule.”

“Inu mungagule nsomba yosaiona?”

“Ngati ndili ndi njala, ndipo wondigulira ndi mwana wanga, ndingagule.”

“Ine ayi. Ndipeza bokosi.”

Mwanayo anandiyang'ana monga amayang'anira amayi ake, n'kutseka laputopu. Mlungu wotsatira anandibweretsera kachipangizo kowerengera zimbale, kolumikiza ndi chingwe. “Nako. Mukapeza chimbale chanu mulowetse umu.” Anakaika patebulo pafupi ndi chiwongolero, ndipo kanakhala pamenepo n'kumatola fumbi.

Ndinayamba kusaka. Ndinapita kwa wogulitsa zakale wa ku Limbe uja, anati lija linali lomwelo, linabwera mwangozi m'belo la zidole. Ndinalowa m'masitolo a m'tauni ogulitsa mafoni ndi makompyuta. Achinyamata a mmenemo ankandilandira bwino mpaka nditanena chimene ndikufuna.

“Madala, zimbale zinapita ndi mawilo a ngolo. Bweretsani fulashi tikuikireni, ya ulere ndithu, mungotigulira fanta.”

“Mwaitenga kuti?”

“Aaa, madala, mafunso a polisi. Imagwira ntchito, basi.”

Ndinakana. Katundu wopanda mapepala sindinanyamulepo. Mwana wanga anavomereza kuti pamenepo ndinachita bwino, zoterozo zimabwera ndi matenda a kompyuta. Anawonjezera kuti njira yoongoka ikadalipo, ndingonena. Sindinanene.

Ndipamene ndinakumbukira mwana wa mnzanga wina amene tinkayendera limodzi, malemu tsopano. Mwanayo ndi bambo wamkulu, amayendetsa thiraki pakati pa Blantyre ndi Joni. Ndinamuimbira, ndinamufotokozera, ndinamutumizira chithunzi cha bokosi lakale lija. Anati, “Osadandaula, ankolo, ku Joni kulibe chosowa.” Ulendo woyamba anaiwala. Wachiwiri anafika masitolo atatseka. Kenako thiraki inawonongeka, kenako anamusinthira njira ya ku Dar es Salaam. Mvula inabwera, chimanga cha kuseri kwa nyumba chinakula, tinadya mondokwa, mapesi anauma. Ine ndikadali kunena kuti ulendo wamawa.

Amayi anakhala ndi shuga zaka zambiri, ndipo tinkangoti ndi matenda a mapiritsi ndi kusala tiyi wotsekemera. Nyengo yodikirayo ndi pamene anayamba kunena kuti kunja kuli utsi. Ndinkatuluka kukaona, osapeza utsi. Kenako ulusi unayamba kukana kulowa pa singano. Tsiku lina anathira mchere m'phala la mdzukulu poganiza kuti ndi shuga. Ndinapita nawo kuchipatala, osati kamodzi. Adokotala anati mitsempha ya kuseri kwa maso yawonongeka, ayesetsa kuchedwetsa koma sangalonjeze. Diso lamanja linatseka loyamba. Lamanzere linatsala likuona ngati munthu wosuzumira pa bowo la chitseko.

Ndinali pomwepo. Ndinamva ndi makutu anga mawu a adokotala. Pobwera m'minibasi amayi anandigwira mkono nati, “Ulendo wathu uja bwanji?”

“Bokosi likubwera. Mnyamata uja wanena kuti mwezi uno.”

“Mwezi uno,” anabwereza, n'kutembenukira kuwindo.

Anadzafunsanso kawiri kapena katatu. Kenako anasiya kufunsa, ndipo ine, chitsiru, ndinamva kupepukidwa. Mwana wathu anandikokera kuseri kwa nyumba tsiku lina. “Ababa, diso latsala limodzi. Ndiloleni ndigule lero. Bokosi lanulo likadzabwera mudzakhala nazo ziwiri.” Ndinamuuza kuti kugula chinthu chimodzi kawiri n'kuwononga, ndipo munthu ndamutuma kale, akabwera nalo ndidzamuyang'ana bwanji. Ndinaganizira nkhope ya mwana wa mnzanga. Maso a mkazi wanga ndinawaika pambuyo. Ndikaganiza pamenepa ndimasowa pogwira, chifukwa sindinganene kuti sindinachenjezedwe.

Diso lamanzere linatseka nyengo yozizira, pamene chiperoni chimakuta phiri la Soche. Amayi anadzuka m'mawa wina n'kufunsa ngati kwacha. Dzuwa linali litalowa kale m'chipinda, lili pankhope pawo.

Foni ya bokosi inalira nyengo yotentha itayamba. “Ankolo, katundu wanu ndili naye. Ndidutsa pa Kameza masana, sindilowa m'tauni.” Ndinavala jekete, ndinakwera maminibasi awiri, ndinakaima pafupi ndi raundabauti pakati pa ogulitsa nthochi ndi a kabaza. Thiraki inaima pang'ono chabe, injini ikulira. Mwana wa mnzanga uja anandiponyera jumbo kuchokera pawindo, ndinamuthokoza, anapita. M'jumbomo munali bokosi latsopano, lokutidwa ndi pulasitiki yonyezimira, lole yabuluu pachikuto. Ine, mwini lamulo, amene ndinkakwera pamwamba pa lole kuwerenga matumba mvula ikugwa, sindinatsegule. Ndinaona bokosi, mtima unakhuta. Ndinaliika m'thumba la mkati mwa jekete ndipo njira yonse ndinkaligwiragwira.

Ndinapeza amayi atakhala pakhonde, akusenda mtedza ndi zala zozolowera. Ndinaika bokosilo m'manja mwawo.

“Lafika,” ndinatero.

Analisisita mbali zonse. Analikweza pafupi ndi khutu n'kuligwedeza. Analigwedezanso.

“Lija linkalira,” anatero. “Ili bwanji lili chete?”

“N'latsopano. Chimbale chagwira bwino.”

“Lapepukanso. Tsegulani.”

Ndinang'amba pulasitiki ndi mano. Mkati munali malo ozungulira oikapo chimbale, opanda chimbale. Pambali panali kapepala kolimba, kokhala ndi zilembo ndi manambala osakanikirana, ndi mawu ochepa a Chingerezi. Ndinayamba ndaganiza kuti andibera. Kenako ndinawerenga mawuwo pang'onopang'ono, ndi Chingerezi changa cha ku kwacha ndi cha m'maboda. Ndinaimbira mwana wathu kuti adzere kuno akaweruka.

Anafika dzuwa lisanalowe, akadali ndi nsapato za kuntchito. Anawerenga kapepalako, anayang'ana m'bokosi, anakhala pansi pa sitepe.

“Ababa, sanakubereni. Masiku ano mabokosi ambiri amabwera chonchi. Manambala awa ndi oti tikawalembe m'sitolo, ndiye gemu idawunilodike.”

“Sitolo iti?”

“Yomwe ija. Ya pa intaneti. Imene munakana.”

Kwa aneba wailesi inkalengeza za maliro. Kenako amayi anayamba kuseka. Anaseka mpaka mtedza unatayika pachitenje, mpaka misozi inatsika m'maso osaonawo.

“Bokosi lanu mwalipeza, a dalaivala,” anatero akupukuta nkhope. “Ligwireni ndithu ndi manja awiri. Mudzasiyire mdzukulu.”

“Amama, musatero,” anatero mwanayo.

Ndinafuna kunena kanthu. Ndinayamba kuti, “Amayi, ine sindinkadziwa kuti...”

“Musayambe,” anandidula, kuseka kutatha. “Kale munkati kampani. Ndinkadziwa za matola anu, azimayi a nsomba ankandiuza okha kumsika kuti amuna anu ndi a mtima wabwino, satisiya panjira. Sindinakufunseni. Tsopano kampani kulibe, mwapeza bokosi. Inu mukafuna kuchedwa simusowa chifukwa chabwino. Sindikukwiyirani, ndakalamba nazo. Koma musandiuze kuti simunkadziwa.”

Anaweramira pansi n'kuyamba kufufuza mtedza wotayika uja ndi manja. Ndinagwada kuti ndiwathandize, anandikankha dzanja pang'ono.

Mwana wathu analowa m'nyumba, anatsegula laputopu, anagula bandulo pafoni yake. Anandiitana kuti ndione. Anandipangira akaunti, anandiuza kuti ndisankhe mawu achinsinsi, ndinasankha dzina la mudzi wa kwathu. Analemba manambala aja. Pagalasi panabwera kamzere kodzaza pang'onopang'ono. Kachipangizo ka zimbale kaja anakachotsa patebulo n'kukaika m'chikwama chake. Tinadya chakudya chamadzulo kamzere kakuyenda. Asananyamuke kamzere kanadzaza, ndipo analumikiza chiwongolero n'kuona kuti chikugwira. Zonse zimene ndinadikirira mvula yathunthu ndi chisanu chake zinatheka pakati pa kuweruka kwa mwana ndi kutsuka mbale.

“Mawa mukatsegula ikufunsani tauni yoyambira,” anatero ali pakhomo. “Mungosankha pamapu.”

“Iliyonse?”

“Iliyonse. Ngakhale ija yakale inkafunsa choncho. Munasankha ya pakati chifukwa munati kuli mafakitale ambiri.”

Ndinali nditaiwala. Kutanthauza kuti ngakhale tsiku loyamba lenilenilo, nyanja inali pafupi ngati kuloza ndi chala.

M'mawa mwake ndinadzuka amayi asanadzuke. Ndinawiritsa madzi, ndinathira tiyi wopanda shuga m'fulasiki, ndinapukuta fumbi pachiwongolero. Ndinaika mpando wawo kumanzere kwanga. Magetsi analipo. Nditamva kuti akhosomola ndinalowa kuchipinda, ndinatenga mpango wawo wa maluwa m'sutikesi n'kuwapatsa m'manja.

“Tikupita kuti?” anafunsa.

“Kudoko.”

“Kuli katundu wopita kumeneko?”

“Valani mpango.”

Ndinawagwira mkono mpaka pampando. Pamapu ndinasankha tauni ya m'mphepete penipeni, pamene mtunda umathera. Gemu inandipatsa katundu woyamba, makatoni a zakumwa, ndi nthawi yoti ndikatule. Ndinakweza mawu kuti amve injini. Anagwira m'mphepete mwa tebulo monga kale.

“Kumanja, a dalaivala,” anatero titangotuluka pageti. “Musaiwale.”

Ndinayenda pang'onopang'ono, ndikuwauza chilichonse: apa pali getsi lofiira, apa tikudutsa njanji, kutsogoloku kuli zitsulo zazitali zokwezera katundu m'sitima. Msewu unakhota, nyumba zinatha, ndipo madzi anaoneka kumanja, otambalala mpaka kumene amakumana ndi thambo. Njira ya katundu inkapita kumanzere. Ndinaisiya. Ndinapatukira pambali, ndinakoka handibuleki, ndinazimitsa injini. Pakona pa galasi nthawi ya eni katundu inkatha, ndinaisiya ithe.

“Taima chifukwa chiyani?”

“Tafika.”

Anatembenuzira nkhope yawo kulaputopu. Munkamveka kamphepo chabe.

“Tsidya lake likuoneka?”

“Silikuoneka.”

“Sitima ilipo?”

“Ilipo imodzi, yakuda pansi, yoyera pamwamba.”

“Ikuposa tchalitchi?”

“Ikuposa.”

Ndinawathirira tiyi, ndinaika kapu m'manja mwawo. Kenako ndinachotsa manja pachiwongolero, ndinatembenuza mpando wanga kuyang'ana iwo, n'kuyamba kuwauza za Beira kuyambira pachiyambi: fungo lake limene limakupeza usanaone madzi, mchere umene umamata pamilomo, ndi mmene ndinavulira nsapato tsiku loyamba n'kuthawa funde ngati mwana, anthu a padoko akundiseka.